Shopu ya pa Chithunzi

Pangodya pomwe msewu wa mabasi umakumana ndi wa kuchipatala pali khoma la sitolo ya mankhwala. Patsinde pa khoma limenelo Mayi Chidendene anakhalapo zaka khumi ndi zinayi, akusoka nsapato. Dzinalo anawapatsa ndi makondakitala, ati chidendene chimene amata mayiwa chimatsala chili gwa nsapato yonse itatha. Katundu wawo anali benchi, bokosi la misomali, singano, ulusi, chitini cha guluu ndi phazi lachitsulo lomwe anasiya malemu amuna awo. Ntchitoyo anaiphunzira kwa malemuwo, poyamba pongowagwirira, kenako, matenda atawagoneka, poigwira okha.

Sizinali zophweka ayi. Abambo ena ankafika ndi nsapato m'manja, n'kuona kuti wosoka ndi mkazi, n'kubwerera nayo. Ena ankawayang'ana kumaso n'kufunsa kuti, "Kwanu n'kuti, mayi?" Kwawo n'kuti! Munthu anabadwira kuseri kwa njanji, mumzinda momwemo, koma poti makolo ake anachokera kutali ndipo khungu lake n'losiyanako, mpaka imvi kumera akadali wobwera.

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo kunabwera a bungwe lina lothandiza amayi ndi anthu osalidwa chifukwa cha mtundu wawo. Wotsogolera anali mtsikana waulemu, wamagalasi, yemwe pamsewupo anangomutcha Wamafomu poti sankayenda wopanda mapepala. Atamva mbiri ya mayiwa, maso ake anawala.

"Amayi, nkhani yanuyi opereka thandizo akunja akaimva agwidwa nayo mtima. Tikujambuleni."

Tsiku lojambulalo kunagwa mvula, pangodya paja pali matope okhaokha. Wamafomu anawawolotsa msewu n'kukawalowetsa mu shopu ya telala wina, n'kuwaveka epuloni yobwereka, n'kuwakhazika pa makina a eni ake. "Mwetulirani, amayi." Anamwetulira. Patatha mwezi, nkhope yawo inali pa chinsalu chachikulu chapulasitiki, chotalika kuposa chitseko, pansi pake atalemba kuti: Tsopano ali ndi shopu yakeyake.

"Mwanawe, shopu yake iti?"

"N'zongokometsera, amayi. Anthu aja amafuna nkhani yothera pabwino. Shopu yeniyeniyo ikubwera, musadandaule."

Misonkhano yake, abale inu! Nthawi iliyonse kukabwera alendo, galimoto inkaima pangodya paja, Mayi Chidendene n'kusiya nsapato za anthu kwa bambo wodula makiyi yemwe ankakhala pambali pawo, ulendo ku hotelo. Kumeneko ankawamata kapepala ka dzina pachifuwa, n'kuwaimika pansi pa chinsalu chija kuti afotokoze za imfa ya amuna awo ndi za chipongwe cha pamsewu. Anafotokoza kambirimbiri mpaka anadziwa pofunika kupumira kuti alendo ause moyo. Anthu ankawomba m'manja, ena kupukuta misozi, kenako botolo la madzi ndi kapu ya tiyi, basi kwatha. Pobwerera ankapeza makasitomala atatenga nsapato zawo n'kupita nazo kwina. Anatopa nazo, kunena zoona, moti za maliro a amuna awo ankazinena osamvanso kanthu mumtima, ndipo chimenecho ndicho chinkawawawa koposa.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi," ankatero wodula makiyi. "Inu mukuthamangira wa pachala."

"Dulani makiyi anuwo, bambo, musandisokose."

Chaka chino a khonsolo anabwera ndi penti wofiira n'kulemba chizindikiro pakhoma paja: onse ogwira ntchito m'mphepete mwa msewu achoke mwezi usanathe. Mayi Chidendene anayang'ana pentiyo. Pa msinkhu wawo akayambira kuti? Koma sabata yomweyo Wamafomu anafika akuthamanga. Opereka thandizo aja anali atamangitsa timashopu khumi ndi tiwiri pamsika watsopano, ta amayi a m'madera oiwalika ngati kuseri kwa njanji. Denga, chitseko, loko, magetsi.

"Inu ndiye woyamba, amayi. Angakupikisaneni ndani?"

Mayiwo analemba fomu, n'kusaina patatu. Tsiku lina masana anakaima pamsikapo n'kusuzumira pazenera la kashopu ka kumapeto, kuyeza ndi maso pomwe benchi idzakhale. Anaganiza zoika msomali kuseri kwa chitseko wokolekapo juzi. Zaka khumi ndi zinayi juzi yawo sinakolekedwepo pena paliponse, ankangoikhalira.

Lachisanu, tsiku lotulutsa mayina, anakwera masitepe a ku ofesi ya bungwe akupumira pa sitepe yachitatu iliyonse. Pepala linali pachitseko. Anawerenga ndi chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwerezanso kuchokera pansi. Dzina lawo panalibe. M'kati, Wamafomu anali atavula magalasi, akungowatembenuza m'manja.

"Khalani pansi, amayi."

"Ndaima kale. Nena."

"Lamulo la opereka thandizo likuti mashopuwa ndi a amayi omwe sanathandizidwepo. Dzina lanu ndinaliika pamwamba penipeni, Mulungu ndi mboni. Koma abwana a kunja aja analifufuta okha. Akuti mayi uyu timamudziwa, chithunzi chake chili mu ofesi mwathu, ali kale ndi shopu."

"Ndiye sunawauze kuti shopu ija ndi ya telala?"

Mtsikanayo anagwetsa nkhope. "Ndikawauza kuti chithunzi chija chinali chabodza, aimitsa zonse kuti afufuze. Makiyi sanaperekedwe, amayi. Onse khumi ndi awiri aja atsala panja."

Mayi Chidendene anatembenukira pepala lija. Mayina ena ankawadziwa. Wachitatu anali mayi wosoka maambulera, wa ana anayi, yemwe a khonsolo anamulanda katundu kawiri. Wachisanu ndi chiwiri anali mwana wa mnzawo wa kuseri kwa njanji, yemwe anamuona akukwawa. Ukali unawakwera, koma unasowa potulukira. Akanakuwa, akanakuwira yani? Anangomva kutopa, kutopa kwa m'mafupa.

"Lolemba kuli mwambo wopereka makiyi," anatero Wamafomu ndi mawu otsika. "Alendo apempha kuti mudzalankhule, muwalimbikitse anzanuwo."

Mayiwo anaseka, kuseka kopanda mano kuonekera.

"Mwanawe, amuna anga ndawaika m'manda kokwanira. Asiye agone. Bodza lakolo sindiulula, usaope. Koma undipatse nkhope yanga."

Chinsalu chija chinali chokulungidwa kuseri kwa kabati. Anachinyamula paphewa n'kutsika nacho masitepe, palibe anawaletsa.

Mwezi utatha a khonsolo anasesadi msewu wonse. Masiku ano Mayi Chidendene amapezeka kuseri kwa depoti ya mabasi, pamalo a fumbi pomwe anthu sadutsa kwenikweni. Wodula makiyi, yemwe nayenso anathamangitsidwa, ndiye anawathandiza kumangirira chinsalu chija ku mpanda wa waya ndi ku mitengo iwiri, nkhope kuyang'ana pansi kuti dzuwa lisaifufutse. Pomanga sanawaseke ngakhale pang'ono, ndipo za fodya zija sanazitchulenso. Pulasitiki yake ndi yolimba, chilungamo chinenedwe, mvula ikagwa sidontha. Juzi yokha ndiyo akuikhalirabe.

Tsiku lina kunafika bambo wina ndi nsapato yong'ambika, n'kubisala mvula pansi pa chinsalucho. Anakweza maso, n'kuona mayi wonenepa bwino akumwetulira pa makina, n'kuwerenga mawu aja. Anayang'ana wosoka nsapato, n'kuyang'ananso kumwamba.

"Pepani mayi, ameneyu si inu?"

Mayi Chidendene sanakweze n'komwe mutu. Analavula msomali womwe anali ataluma, n'kutambasula dzanja.

"Ayi, bambo. Uyo ali ndi shopu. Bweretsani nsapatoyo."