Khobwe wa Abiti Saidi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, a kabaza pa Balaka. Ananyamula bwana wa kampani ina yogula thonje, a Nkhoma, n'kuwasokosa m'makutu njira yonse mpaka anavomera kundiona. Anandipatsa njinga, chingwe choyezera mizere, sipuleya ndi buku la ulimi lolembedwa kunja, n'kunditumiza ku Chikweo.

Ndinkayeza mipata ya mapando, kuyang'ana mbozi kunsi kwa masamba, ndi kuphunzitsa alimi kusungunula mankhwala. Lamulo lalikulu linali lakuti m'munda wa thonje mukhale thonje lokhalokha. A Nkhoma anaphunzira kunja, ndipo chilichonse chimene azungu sanachiyeze ankachitcha umbuli. Ankati ogula akunja amafuna munda woyera. Kaya ogulawo anagwirapo khasu, sindikudziwa.

Munda wokongola kuposa yonse unali wa Abiti Saidi, mayi wamasiye wolera zidzukulu. Pakati pa mizere ankadzalamo khobwe wofiira, mbewu imene anawasiyira amayi awo. Chaka chimenecho anadzala yense, osasungako ngakhale wa m'manja, ndipo mudzi wonse panalibe wina anali naye.

Tsiku limene ogula akunja ankabwera kudzajambula, a Nkhoma anafika m'mawa, n'kuona khobwe atayanga, maluwa ali mbuu. Anandiuza kuti ndizule. Ndinawachonderera kuti tiwaonetse alendowo munda wina, koma anati galimoto silingafike kwina. Nditakana, anaitana anyamata aganyu awiri kuti azule.

Abiti Saidi sanakuwe. Anangoima ndi khasu lawo n'kunena kuti, "Bwana, thonje lanulo ana adya?"

"Mudzagula chakudya mukagulitsa, mayi. Dziko likuyenda choncho," anatero a Nkhoma.

Alendo anafika, anajambula, anayamikira ukhondo wa mundawo. Khobwe anali mulu kuseri kwa chulu, akufota. Madzulo ake a Nkhoma anandichotsa ntchito n'kundilanda njinga, ati ndilibe mtima wa chitukuko. Ndinalira ndi ukali, ndipo sindinawakhululukire mpaka lero.

Anaiwala chinthu chimodzi: alimi awo onse ndinkawadziwa khomo ndi khomo. Ndinabwereka njinga ya amalume, ndinayamba kuyenda ndi mbewu ya nandolo ndi mtedza, n'kumafotokozera aliyense zimene zinachitika kwa Abiti. Ndisaname, sindinkachita izi chifukwa cha chifundo chokha. Mlimi aliyense wosiya thonje lawo ankandikomera ngati nyama ya pa Idi. Pano m'shedi yawo yogulira thonje ku Chikweo mumagona mbuzi.

Ndinaphunzira kuti munthu amene sadya za m'munda mwako asamakuuze chodzala. Koma kubwezera kuli ndi malire ake. Ndafunsa ku Nkaya, ndafunsa mpaka m'mbali mwa Chiuta, ndipo khobwe wofiira uja sindinamupezenso. Ndikawapitira ndi wa m'sitolo, Abiti amathokoza, amaphikira ana, koma sadzala.