Masana amene ndinabwereketsa zala

Chaka chimene mwana wanga wamkazi ankaphunzira masamu ku yunivesite, anaterereka potsika tekisi ku Claremont n'kuthyoka dzanja lamanja. Anamumanga chikhakha mpaka m'chigongono. Ntchito ya kusukulu sinamudikire. Lamulungu lina titabwera kutchalitchi, ndinamupeza m'chipinda chathu ku Philippi, kuno kuchilendo, akulimbana ndi laputopu ndi dzanja lamanzere, misozi ili lengelenge.

"Sendera," ndinatero. "Iwe uzinena, ine ndizilemba."

Zala zanga zinazolowera mopu ndi ayironi kunyumba ya abwana. Ndipo sikirini inali yakuda bii, yopanda chithunzi, kamzere kokha kakuphethira pakona. Ndinafunsa ngati yawonongeka.

"Ayi, amayi, ikudikira kuti muiuze zochita."

Anandifotokozera kuti matiriksi ndi manambala ondandalikidwa m'mizere ngati mbewu m'dimba. Pemyutesheni, kusinthana malo kwa zinthu, anandionetsa ndi makapu atatu: yoyamba ipite pamalo pa yachiwiri, yachiwiri pa yachitatu, yachitatu ibwerere koyambirira. Ntchito yathu inali kuuza makinawo kuti asandutse kusuntha kumeneko kukhala matiriksi, kenako achulukitse ndi ina kuti mizere yake isinthane malo.

Ndinkalemba ndi chala chimodzi, chilembo chilichonse kuchisaka ngati singano yogwera pansi. Kumapeto kwa mzere kunkafunika kadontho kokhala ndi kamchira, ndipo ndikakaiwala makinawo ankangoti duu. Iye ankaseka mpaka kugwira chikhakha chake.

Pena ndinasemphanitsa mamatiriksi awiriwo, yoyamba kuilemba pambuyo. Kunatuluka manambala ena. Ndimati ndamuwonongera.

"Simunawononge. Kungoti apa chimene chayamba chili ndi ntchito. Kusamba kenako kudzola n'kosiyana ndi kudzola kenako kusamba."

Chimene chinandisangalatsa chinabwera chakumapeto. Anandiuza kuti ndichulukitse matiriksi ya makapu ija katatu. Pasikirini panaoneka mawani atatsetsereka kuchoka pakona ina kukafika ina, kwinako maziro okhaokha.

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti chilichonse chabwerera pamalo pake. Mwakhoza, amayi."

Sindinamve zonse, koma mawu amenewo anandikomera. Anatsamira paphewa panga n'kunena kuti aphunzitsi ake sadzadziwa kuti m'kalasi mwawo mwalowa mayi wa ku Dedza.

Titamaliza ndinatenthetsa madzi n'kumutsuka tsitsi, poti nalonso sakanatha yekha. Ndinali ndisanamugwire m'mutu chimalizireni pulayimale.