Chaka Chimene Agogo Anasiya Kupereka Moni

Ndimamvabe kamtondo ka agogo kakulira thi, thi, thi pakhonde m'mawa uliwonse, iwo akusinja masamba. Inali nyengo yokolola nandolo, ine ndili sitandade folo ku Milepa. Chimwalirireni mayi anga, pakhomo tinkakhala awiri basi.

Chaka chimenecho anthu anayamba kunena kuti agogo akunyada. Munthu ankadutsa pambali pawo m'njira, iwo osapereka moni. Ine sindinkayankhula zambiri, koma ndinkaona akugunda phewa pachitseko, ndiponso akutembenuza mutu wonse kufuna chikho chimene chinali pafupi ndi dzanja lawo. Ankaona zakutsogolo zokha, ngati munthu wosuzumira m'nsungwi. Anandiletsa kuuza aliyense, poti amalume akanamva akananditenga kukakhala nawo ku Limbe.

Masambawo ankachokera kwa Che Amidu, mkulu wodziwa zitsamba wa kutsidya kwa dambo. Iwo ananena kuti aziwiritsa n'kumamwa, koma agogo anaganiza kuti mankhwala a maso ayenera kulowa m'maso. Ankapinda tsamba la mango ngati fanulo, ine n'kumafinyiramo madzi obiriwira, onunkha ngati udzu womweta kumene. Maso awo anafiira psuu.

Tsiku lina Che Amidu anatipeza tili pantchitoyi. Anandilanda masambawo n'kuwataya.

"Amayi, ine ndinati m'kamwa! Mukufuna kumaliza ndi kotsalako? Masowa andiposa. Mawa mukwera njinga yanga."

Kuchipatala anawauza kuti madzi akuchuluka m'diso n'kumafinya mtsempha woonera. Mbali imene inafa sikanadzukanso, koma yotsalayo ikanatha kutetezedwa.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti Che Amidu achita manyazi chifukwa zitsamba zawo zalephera. Lero ndimamva kuti akatswiri akuyesa timadzi ta zomera kuti aone ngati tingateteze mtsempha womwewo, ndipo ndimathokoza kuti mkulu uja ankadziwa pamene nzeru zake zinalekezera. Ku Limbe sindinapite, ndipo agogo anakalamba akuionabe nkhope yanga, bola ndiime kutsogolo kwawo.

Atawatsitsa panjinga tsiku limenelo, Che Amidu anapisa m'thumba la mkanjo wawo n'kutulutsa kabotolo ka kuchipatala.

"Dontho limodzi diso lililonse, m'mawa ndi madzulo. Ndakuona iwe, dzanja lako silinjenjemera."

Anandifumbatitsa kabotoloko, n'kukankha njinga yawo kulowera kudambo.