Funso Limene Sindinawafunse Amayi

Amayi anga, a Eneles, anabwera ku Nairobi mu 1982 kudzathandiza mkazi wanga Lorna kulera khanda lathu, Jean. Anali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, koma kukhala pansi sankakudziwa. Sabata isanathe anali atagaula kale kuseri kwa nyumba yathu ku Ngong, n'kufesa mpiru. Chiswahili anangotolako mawu okanganira mtengo pamsika, ena onse anati alibe nawo ntchito.

Chaka chotsatira anayamba kupuma mwawefuwefu akangolima kamzere kamodzi. Ankati ndi ukalamba. Ndinawakakamiza kupita kuchipatala, ine n'kukhala womasulira, poti dokotala sankamva Chichewa.

Dokotalayo anawakoka chikope cham'munsi, m'kati muli mbuu. Anayang'ana zikhatho, zikhadabo ndi lilime, kenako anawatenga magazi kukayeza. Zotsatira zitabwera anandiuza kuti magazi achepa kwambiri, ndipo mwa munthu wachikulire sachepa chabe, kawirikawiri amakhala akutayikira m'matumbo. Anati ndiwafunse ngati chimbudzi chawo chimatuluka chakuda ngati makala.

Ine, mwana wamwamuna, kufunsa mayi wondibala za kuchimbudzi?

"Amayi, akuti m'mimba muli bwanji?" ndinatero.

Anandiyang'ana kanthawi. "Auzeni kuti muli bwino, bambo a Jean."

Ndinauza dokotala kuti ayi, sichakuda. Anatipatsa mapiritsi owonjezera magazi, nati tibwerenso pakatha mwezi. Amayi anapezako bwino pang'ono, ndipo ine ndi ntchito zanga za mu ofesi ndinaiwala zobwererazo.

Patatha miyezi isanu anagwa m'dimba. Madokotala anapeza chotupa m'matumbo, chitafalikira kale. Mwina chikanapezeka msanga akanachitidwa opaleshoni, mwina ayi. Palibe anandiimba mlandu, ndipo zimenezo ndi zomwe zimandipweteka mpaka lero.

Titabwerako koika maliro awo kumudzi, Lorna anandiuza zimene amayi anamuululira ali m'chipatala. Chimbudzi chinali chakuda kwa chaka chathunthu. Tsiku lomasulira lija amayi anaona kuti dokotala walankhula nthawi yaitali, ine n'kumasulira mawu ochepa, ndipo anadziwa chimene ndinameza.

"Anakwiya nane?" ndinafunsa.

"Ayi," anatero Lorna. "Anati analera mwana waulemu."