Atumwi a Telala wa ku Chiromo

Telala wa pamsika wa Chiromo alibe nazo ntchito nyimbo za pawailesi. Zake ndi mbale za galamafoni zimene amamubweretsera anthu a sitima ya ku Beira, zoimbidwa ndi anyamata osadziwika amene anazijambulitsa okha, mayina n'kuchita kulemba pamanja. Magitala ake amalira ngati mphaka wopondedwa mchira, kenaka nyimbo imangoyandama ngati namasupuni pa Shire. Zikafika apo, iye amasiya kupalasa makina n'kutsinzina.

Tsiku lina ayufi awiri a chipani anatulukira pakhonde pake. Wamkuluyo anatola chikuto cha mbale n'kuona azibambo a tsitsi lofika m'mapewa, tsitsi limene boma linaletsa.

"Ndani awa, madala?"

Telala anaimitsa makina. Anthu ankasowa chifukwa cha tinthu ngati timeneti.

"Ndi atumwi," anayankha. "Nyimbo za kutchalitchi kwathu."

"Taikani timve."

Anaika. Ayufi aja anavula zipewa, n'kuima chilili mpaka singano inafika kumapeto.

"Atumwi anuwa akuzunzika kwambiri," anatero wamkuluyo. "Muziwapempherera."

"Takhuta," anathokoza telala m'Chisena. Ayufi aja atangokhota pangodya, iye anatembenuza mbale ija kuti amve mbali inayo.