Kadontho Koyera m'Diso la Bambo

Lachinayi, sabata yachiwiri ya Meyi. Ndinali kuchapa yunifolomu kuseri kwa khitchini pamene amayi anafika kuchokera kumunda ataphimba diso lakumanzere ndi nsonga ya chitenje. Anati tsamba louma la chimanga lawacheka pomwe amagwetsa mkukwe. Misozi inkatsika tsaya limodzi lokha. Ndinaiwala sopo m'madzi mpaka anafewa, chifukwa ndi mmenenso zinayambira kwa bambo chaka chatha.

Bambo ali ndi kadontho koyera pakati penipeni pa diso lakumanja. Diso limenelo limangoona kuwala ndi zithunzithunzi, moti akamathira tiyi amayamba akhudza kapu ndi chala. Nawonso linali tsamba la chimanga. Amene anawasamalira ndi azakhali, mlongo wawo wamkulu, amene nyumba yawo ili kuseri kwa nkhokwe yathu. M'mawa uliwonse mame asanaume ankatsikira kudambo kukathyola masamba amene amawadziwa okha. Ankawasinja, n'kupinda tsamba lina ngati kafanulo kuti madzi ake adonthere m'diso. Anachita zimenezi masabata atatu osajomba, ngakhale tsiku limene mwendo wawo unatupa. Ululu utatha kunatsala choyeracho, ndipo aliyense anati ndi ng'ala.

Madokotala a maso atabwera ku chipatala cha mishoni, ndinawaperekeza bambo. Anavala jekete la kutchalitchi, poganiza kuti alembedwa pa gulu la okachotsedwa ng'ala. Adokotala, amayi olankhula motsitsa, anawaunika ndi katochi n'kufunsa zomwe zinathiridwa m'disomo. Kenako anafotokoza kuti ng'ala imakhala mkati ndipo imachotsedwa, koma ichi ndi chipsera cha pa kagalasi ka kutsogolo kwa diso. Bala linalowa tizilombo, masamba aja analikulitsa, ndipo masiku amene mankhwala akanathandiza anadutsa. M'kabuku ka kuchipatala analemba liwu limodzi: leukoma.

Pobwerera bambo sanakwere njinga, ankangoikankha. Anandiuza kuti ndiwawerengere liwulo, ndipo ndinaliwerenga katatu. Titayandikira kumudzi anaima.

"Azakhali ako asamve zimenezi. Anandidzukira m'mamawa masabata atatu."

Ndinalonjeza. Kunyumba iwo anangonena kuti adokotala akuti tidikire.

Lero bambo kulibe, anapita ku Tsangano ndi matumba a mbatatesi ndipo abwera Loweruka. Ndiye pakhomo ponse wodziwa ndinali ine ndekha. Dzuwa litapendeka azakhali anatulukira ndi kambale kawo kobiriwira, masamba atasinja kale. Anayala mphasa pakhonde akuseka, akuti chimanga cha pakhomo pano chili ndi mlandu wanji ndi maso a eni ake.

"Gonani apa, mlamu. Iwe, dzawagwire mutu amayi ako."

Ine kusukulu aphunzitsi amatopa n'kundiuza kuti ndikweze mawu. Ndinagwada, ndinaika manja pa mpango wa amayi, ndipo ndinaona azakhali akupinda tsamba lija bwinobwino ndi zala zawo zong'aluka. Ndinayang'ana diso la amayi, lofiira koma lakuda bwino pakati, lopanda kadontho.

"Azakhali, chonde musawathire. Adokotala anati masamba ndi amene anakulitsa bala la bambo."

Anandiyang'ana, n'kufunsa ngati udokotala masiku ano akuuphunzitsa ku Fomu 2. Amayi anandikalipira chapansipansi kuti ndisachite mwano. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga kabuku ka bambo m'thumba la jekete lija, n'kutsegula pa tsamba lake.

Azakhali sadziwa kuwerenga, komabe anaika chala pa liwulo nthawi yaitali. Anati ndilitchule. Ndinalitchula, ndipo ndinafotokoza zonse monga anatiuzira adokotala. Ndinawonjeza kuti si iwo okha, anthu ambiri amachita chimodzimodzi pofuna kuthandiza.

"Mwiniwake akudziwa?"

Ndinavomera ndi mutu.

Sanalire. Ananyamula kambale kaja, anakakhuthula pansi pa mtengo wa pichesi, anakatsuka ndi mchenga kawiri konse, n'kumapita kwawo akutsimphina. Ndinamva chisoni kwambiri kuwaona kumsana. Amayi ali pamphasa pomwepo anandifunsa chifukwa chake bambo anawabisira iwonso.

Nkhuku zisanalowe azakhali anabweranso ndi kansalu koyera kochapa bwino, akuti amayi aphimbe nako diso mawa panjira ya kuchipatala chifukwa cha fumbi. Anati tinyamuke kusanatenthe, mbuzi ndi chimanga cha pabwalo aziona iwo. Ankalankhula ndi amayi okha, ine sanandiyang'ane.

Ndaphwanya lonjezo langa, ndipo Loweruka ndidzawauza bambo ndekha asanamve kwa wina. Sindikudziwa kuti adzati chiyani. Ndalemba leukoma pa chikuto cha kope ili, mkati, kuti ndisadzaiwale kalembedwe kake.

Mawa sindipita kusukulu, ngakhale kuli mayeso a masamu. Ndiwaperekeza amayi kuchipatala, tikakhale oyamba pamzere, ndipo adokotala akakafunsa zomwe zathiridwa m'diso, ndikayankha mokweza kuti palibe.