Khadi la maliro la a Yona

A Yona ndinawadziwira kutchalitchi kwathu kuno ku Hull. Amasamalira okalamba limodzi ndi bambo a kunyumba kwathu. Ndi munthu wosayankhulayankhula, koma ukangotchula masewera a patebulo, tsiku lako latha.

Anawaphunzira kwa nkhalamba ina yachizungu imene ankaisamalira, masewera aja a ku Germany oti aliyense amalima, kugulitsa, kumanga, wopambana n'kudziwika kumapeto. Kenako anayamba kupanga awoawo. Bolodi anadula pa katoni ya mathewera, zokolola zinali nyemba ndi mabatani. Anawatcha Dzinja. Umasankha kudzala chimanga, soya kapena fodya, mvula n'kukupusitsa.

Munali khadi limodzi la maliro. Likatuluka, palibe wopita kumunda ulendo umenewo, ndipo aliyense amatapa m'nkhokwe yake kupatsa wofedwa. A Yona mayi awo anamwalira ku Ntcheu iwo ali kuno. Tsiku loika anali pa shifiti, akumwetsa tiyi mayi wa eni ake.

Loweruka tinkasewera kunyumba kwa a Yona, ine mwana kumsana.

"Mayi a Khumbo, mwadzalanso fodya?" ankandiseka. "Anawa muwaphikira fodyayo?"

Chaka chatha kakampani kena ka ku Leeds kanawakonda masewerawo, kakufuna kuwasindikiza, dzina la a Yona pabokosi. Koma kanati khadi la maliro lichoke. Akuti anthu amene anayeserera anakwiya: munthu wakonza bwino mapulani ake, n'kungopereka zokolola popanda chobwezera?

"Bambo a Junior, chotsani," anatero akazi awo, a Dorcas. "Zaka zonsezi mukundidulira makatoni patebulo lodyera."

"Ndi mudzi wanji woti mnzako waferedwa, iwe uli kumunda?"

"Ndi gemu iyi, si mudzi."

A Yona anagonja pang'ono: khadi likhale, koma wopereka kwa wofedwa azilandira mapointi. Akampani anavomera. Tinakumana kuti tiyesere lamulo latsopanolo. Pakati pa masewera a Watson, namwino wina wanthabwala amene tinkasewera naye, anatembenuza khadi n'kukuwa:

"Maliro! Zikomo Ambuye, mapointi aja abwera! Ndani wafedwa, ndimupepese msanga?"

Tonse tinaseka. A Yona okha sanaseke. Anayamba kutola nyemba patebulo imodziimodzi, masewera asanathe.

Lolemba anaimbira akampani kuti za mapointi ayi, khadi libwerere momwe linalili. Akampaniwo anawayankha mwaulemu, n'kutenga masewera a munthu wina, a za njanji.

A Yona akugwirabe ntchito, kutchalitchi sajomba. Koma Loweruka satiitananso. Khumbo wanga akawafunsa pa Chingerezi chake kuti ankolo, tisewera liti, amangomusisita kumutu n'kumufunsa za kusukulu.